Si zoona kuti manambala a foni zam'manja akuperekedwa kwa otsatsa malonda ku America

Pali uthenga umene umabwerabwera m'magulu a WhatsApp ndi Facebook, wonena kuti ku United States manambala onse a foni zam'manja aperekedwa kwa makampani otsatsa malonda "mwezi wamawa", ndipo kuti amene salembetsa msanga pamndandanda wapadera wa foni zam'manja adzasowa mtendere. Nkhaniyi ndi yabodza, ndipo chimene chimasintha chaka ndi chaka ndi tsiku lomaliza lokha.

Mndandanda wa anthu okana kuimbiridwa za malonda, National Do Not Call Registry, umene bungwe la boma la America loteteza ogula, la Federal Trade Commission, linatsegula mu 2003, ndi umodzi wokha. Umalandira manambala a foni zam'manja ndi zapanyumba mofanana, kwaulere, tsiku lililonse, ndipo munthu akalembetsa safunikira kudzalembetsanso.

Ndipotu foni yam'manja ndiyo yotetezedwa kwambiri, chifukwa lamulo la Telephone Consumer Protection Act la 1991 limaletsa kuiimbira ndi makina oimba okha kapena ndi mawu ojambulidwa mwiniwake asanavomereze, pamene pa foni yapanyumba chiletsocho chimakhudza makamaka mawu ojambulidwa. Komabe, kulembetsa sikuletsa andale, mabungwe achifundo ndi ochita kafukufuku kukuimbirani.

Mukalandira uthenga wotere, onani ngati uli ndi chaka, chifukwa nthawi zambiri umangoti "masiku 8 atsala" ndi "tumizani kwa aliyense". Kenako tsegulani nokha donotcall.gov, tsamba la pa intaneti la mndandandawu, osati podina linki yam'uthengamo. Chonde musautumizenso kwa abale amene ali ku America, chifukwa mukungowaopseza pachabe. Wokutumiziraniyo muuzeni mwaulemu kuti aufufute.