Filimu ya mbava zapanyanja: kodi ana angaonere nawo?

Kukayamba kuzizira kuno ku Mzuzu, makamaka mu June ndi July pamene nkhungu imatsika dzuwa lisanalowe, mabanja ambiri ku Katoto, Chibavi, Luwinga ndi Mchengautuwa amalowa m'nyumba msanga, fulashi n'kuilowetsa pa TV. Mwa mafilimu omwe anyamata oberna amakonda kuikamo muli a mbava zapanyanja, aja a malupanga, zombo zamatanga ndi chuma chobisika m'mapanga. Yotchuka kwambiri ndi Pirates of the Caribbean: The Curse of the Black Pearl, yomwe inatuluka mu 2003, ndipo makolo ambiri amaiika popanda kuganiza kawiri chifukwa amva kuti ndi ya Disney.

Apa ndi pomwe pali msampha woyamba. Dzina la Disney timalidziwa ndi makatuni, koma iyi inali filimu yoyamba yotuluka m'dzina la Walt Disney Pictures kupatsidwa chizindikiro cha PG-13 ku America. Chizindikirochi, chomwe chinayamba mu 1984, chimachenjeza makolo kuti zina mwa zomwe zilimo sizoyenera mwana wosakwana zaka 13. Ku Britain inapatsidwa 12A, kutanthauza kuti mwana wosakwana zaka 12 saloledwa kukaionera kunyumba ya kanema popanda munthu wamkulu. Kuno kwathu tili ndi Censorship Board yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968, koma filimu yomwe yachoka pa kompyuta ya mumsika kulowa mufulashi yanu sidutsa pamaso pa aliyense, ndipo kawirikawiri kachizindikiro ka zaka kamakhala katadulidwa. Woyeza amakhala inuyo.

Makolo ambiri amadera nkhawa malupanga, koma malupangawo si vuto lalikulu. Ndewu zake n'zokonzedwa ngati gule, phazi ili apa, lupanga ilo apo, wina walumphira pamtanda wa denga, ndipo magazi saoneka kwenikweni. Ndewu ya m'nyumba ya wosula zitsulo, momwe mulinso bulu woyendetsa makina, ana amaiseka kuposa kuiopa. Cholemera pang'ono ndi usiku womwe mbavazo zikuukira tauni ya Port Royal: mizinga ikugumula nyumba, anthu akuthawa akukuwa, ndipo wantchito wa m'nyumba ya bwanamkubwa akuwomberedwa atangotsegula chitseko.

Chomwe chimasowetsa ana tulo ndi temberero. Mbavazo zinaba ndalama zagolide zotembereredwa, ndiye sizifa komanso sizili zamoyo. Masana zimaoneka ngati anthu, koma kuwala kwa mwezi kukazigunda zimasanduka mafupa okhaokha okhala ndi tizidutswa ta mnofu wowola. Izi zimaonekera bwino lomwe filimu isanafike pakati, mtsikana wina yemwe mbavazo zamugwira atadya ndi mtsogoleri wa mbavazo. Mtsikanayo amabaya mtsogoleriyo ndi mpeni pachifuwa, iye n'kuuzula ngati palibe chachitika, kenako n'kulowa m'kuwala kwa mwezi, kumwa vinyo yemwe akuyenderera pakati pa nthiti zake. Ngakhale pusi wake amasanduka mafupa ndipo amatulukira mwadzidzidzi akulira. Chakumapeto gulu lonse la mafupa limayenda pansi pa nyanja kukakwera chombo cha asilikali mwakachetechete.

Chifukwa chake izi zimagwira mwana wamng'ono n'chodziwika bwino kwa omwe amaphunzira kakulidwe ka ana. Mwana wosakwana zaka 7 kapena 8 amaopa chinthu malinga ndi maonekedwe ake, osati malinga ndi zomwe chingachite. Nkhope yowola imamuopsa ngakhale mwini nkhopeyo akunena nthabwala, pomwe munthu wovala bwino wokonza chiwembu samuopsa konse. Kumuuza kuti "ndi zongopeka, ndi zapakompyuta" sikuthandiza kwenikweni pamsinkhu umenewu, chifukwa malire a zenizeni ndi zongoyerekeza sanakhazikike m'mutu mwake. Komanso tisaiwale komwe tili. Mwana wa kuno wamva kale nkhani za mizukwa, ndondocha ndi afiti oyenda usiku kuchokera kwa anzake kusukulu. Akaona anthu akufa akuyenda pa mwezi, filimuyo imakhala ngati ikumutsimikizira zomwe ankaziopa kale. Zotsatira zake mumaziona usiku womwewo: kukana kutuluka kukataya madzi, kukodza pogona pomwe anasiya kale, kudzuka akulira, kukakamira kugona ndi amayi.

Ana a zaka 9 mpaka 12 mafupawo ambiri amawapirira, mwinanso kuwakonda. Iwowa chowasokoneza chimakhala chomwe chingachitikedi. Koyambirira kuli mitembo ya mbava zonyongedwa italendewera pathanthwe ngati chenjezo, ndipo chakumapeto Jack Sparrow, mbava yomwe ili patsogolo pa nkhaniyi, amaimikidwa pamalo onyongera chingwe chili m'khosi. Yembekezerani mafunso okhudza chilango cha imfa, ndipo ayankheni mwachidule koma moona.

Palinso mowa. Ramu, mowa waukali wotchezedwa kuchokera ku nzimbe womwe mphamvu yake ikufanana ndi kachasu, ali paliponse mufilimuyi, ndipo kuledzera kumaonetsedwa ngati chinthu chosangalatsa chopanda matsire, chopanda banja lovutika kumbuyo. Padoko la Tortuga pali zidakwa, ndewu ndi akazi oyendayenda, ngakhale palibe zamaliseche. Jack Sparrow, munthu yemwe ana amamukonda koposa, ndi wabodza, wakuba, woyenda mwadzandidzandi. Kwa mnyamata wa zaka 12 yemwe amadutsa pamalo omwera mowa tsiku lililonse popita kusukulu, ichi n'chofunika kuchikambirana kuposa mafupa aja.

Malangizo athu ndi awa. Mwana wosakwana zaka 8 asaonere, mupezereni katuni. Wa zaka 9 mpaka 12 aonere muli pomwepo, limoti ili m'manja mwanu. Kuyambira zaka 13 palibe chodetsa nkhawa kwambiri, kupatula kucheza naye za mowawo. Vuto la mabanja athu n'lakuti pabalaza limodzi pamakhala wa zaka 4, wa zaka 10 ndi msuweni wa Fomu 3, ndiye njira yosavuta n'kudikira kuti wamng'onoyo agone kapena kuionera Loweruka masana iye ali kosewera.

Musanaiike, ioneni nokha, ngakhale mothamangitsa, muime pamalo anayi: kuukira kwa Port Royal, chakudya cha pachombo, kuyenda pansi pa nyanja ndi ponyongera. Lembani mphindi zake papepala. Poonera, siyani nyali yoyaka ndipo tsitsani mawu, chifukwa theka la mantha limachokera ku nyimbo ndi phokoso ladzidzidzi, ndipo sabufa imawonjezera zimenezi. Mukayandikira malo oopsa muuzeni mwana zomwe zikubwera, kuti "tsopano asanduka mafupa, ukafuna utseke maso", pakuti chodzidzimutsa chomwe wachidziwiratu chimachepa mphamvu. Filimuyi ndi ya mphindi 143, pafupifupi maola awiri ndi theka. Mukaiyamba 8 koloko mutadya nsima, imatha 10 koloko itadutsa, mwana n'kupita kukagona mtima ukugundabe. Igaweni masiku awiri, koma musaimitse pamalo oopsa. Pitirizani mpaka pomwe pali kuwala kapena nthabwala, ndipo pakhale ola lathunthu asanagone. Magetsi akathima pakati pa zoopsa, yatsani tochi ndipo mumufotokozere momwe nkhaniyo ithere, kuti temberero limatha ndipo mtsikanayo amapulumuka.

Samalaninso ndi makope otanthauziridwa m'Chichewa ndi ma DJ. Amathandiza agogo ndi ana kutsatira nkhani, koma wotanthauzirayo amawonjezera zakezake, nthawi zina nthabwala zolaula zomwe mufilimu yeniyeniyo mulibe. Chizindikiro cha zaka sichinayeze mawu amenewo, choncho mvetserani kaye mphindi khumi zapakati.

M'mawa mwake ana adzatola timitengo n'kuyamba kulimbana, ndipo zimenezo n'zachibadwa. Choopsa ndi nsungwi yosongoka, waya, chikwanje kapena chitsulo cha ambulera, chifukwa ana amaloza kunkhope monga anaonera, ndipo diso silichedwa kuvulala. Adulireni malupanga a katoni kapena apatseni mapesi ouma a chimanga, muwauze kuti kumenya n'kuyambira m'mapewa kutsika.

Kwa ana okulirapo, filimuyi ndi khomo labwino lolowera m'mbiri yeniyeni. Port Royal ndi malo enieni ku Jamaica, ndipo gawo lalikulu la tauniyo linamira m'nyanja pa chivomerezi cha mu 1692. Mbava zenizeni sizinali zanthabwala. Blackbeard, yemwe anaphedwa mu 1718, chombo chake chachikulu chinali cha Afalansa chonyamula akapolo kuchokera ku Africa, chomwe analanda mu 1717. Mwana yemwe waphunzira za Jumbe ku Nkhotakota, za zombo zowolotsa akapolo pa nyanja yathu, ndi za Mlozi yemwe ananyongedwa ku Karonga mu 1895, angamvetse msanga kuti chuma cha m'zombo zija nthawi zambiri chinali anthu.

Anyamata oberna amakonda kuika zigawo zonse mufoda imodzi, ndipo TV zina zimangopitiriza zokha. Musaganize kuti poti yoyamba yadutsa bwino ndiye kuti zotsatira zake zili chimodzimodzi, ngakhale chizindikiro chake n'chomwecho cha PG-13. Ya mu 2006 ili ndi mtima wa munthu ukugunda m'bokosi, akhwangwala akujompha akaidi ndi chilombo chomeza zombo. Ya mu 2007 imayamba ndi anthu ambiri akunyongedwa motsatizana, pakati pawo pali kamnyamata, ndipo ndi yotalika pafupifupi maola atatu. Ziwirizi zichotseni mufulashi ya ana mpaka atakwanitsa zaka 13.