Agogo aakazi akaferedwa: BP, munda ndi ndalama za Mtukula Pakhomo

Uthengawu ndi wa inu ana ndi adzukulu kuno ku Mchinji, kaya muli ku Kamwendo, Mkanda, Kapiri kaya munapita kutauni mumangoimba foni. Maliro akatha, masiwa aphwasuka, anthu ameta nkubalalika, ndi pamene mavuto a agogo amayamba. Amayi amakhala moyo nthawi yaitali kuposa abambo, komanso ambiri anakwatiwa ndi amuna owaposa zaka, ndiye musadabwe kuti mmudzi mwanu nkhalamba zotsala zokha zambiri ndi zazikazi. Ndipo thanzi lao limayendera limodzi ndi thumba, munda ukapita BP imakwera basi.

Tiyambe ndi BP yomweyo chifukwa ndi imene ikutimalizira agogo mwakachetechete. Nthawi zambiri simva kuwawa, munthu amangolima bwinobwino mpaka tsiku lomwe kamwa yapotoka. Akayezedwa kangapo masiku osiyana nkumapezeka 140/90 kapena kuposa, ndiye kuti ndi yokwera. Kuyezetsa pa chipatala cha boma ndi ulele, chimene chimavuta ndi ya kabaza, ndiye inu amene mumatumiza ndalama pa foni muziikako yapadera ya ulendowo. Mankhwala ake, monga HCTZ kapena amlodipine, ndi a tsiku lililonse. Apa ndi pomwe timagwa. Agogo amamwa masabata awiri, mutu wasiya, ati ndachira mwana wanga, timapilitsi tija amanga pa nsonga ya chitenje, buku la kuchipatala lili mu jumbo ya shuga latsomekedwa kudenga mpaka chiswe. Kale amene ankawakumbutsa tsiku la kuchipatala nkuwakweza panjinga anali malemu aja. Pano ndi ndani? Pabanja gwirizanani, mutchule dzina la munthu mmodzi.

Mchere usapitirire kasupuni kakang'ono kamodzi patsiku, ndipo soda wa mu therere nayenso amawerengedwa, anthu ambiri sadziwa zimenezi. Fodya wa mphuno ndi wapakamwa uja nayenso amakweza BP. China, maondo ndi msana zikamawawa asamangogula brufen kapena indocid pa okala tsiku ndi tsiku, amenewa amakweza BP, amapweteka impso ndi kuyambitsa zilonda za mmimba. Bola panado, ululu ukapitirira akaonane ndi adokotala.

Zizindikiro zoti musadikire kuche: kamwa kupotoka, mkono kapena mwendo kufooka mbali imodzi, mau kutuluka mosamveka. Imeneyo ndi sitiroko, thamangani kuchipatala osati kwa sing'anga. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, bala losapola kuphazi, akayezetse shuga. Maso kuchita chifunga kawirikawiri imakhala ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa ndi opareshoni munthu nkuonanso, si zoti ukalamba basi. Ndipo ichi agogo sangakuuzeni chifukwa cha manyazi, ndiye mwana wamkazi kapena anamkungwi afunse paseri: mayi amene anasiya kusamba kalekale akayambanso kutaya magazi, ngakhale tochepa, apite akapimidwe khansa ya khomo la chiberekero msanga. Amene ali pa ma ARV asasiye chifukwa cha chisoni, ndipo za chokolo zokakamiza ayi, munthu wamkulu naye amatenga kachilombo.

Chisoni nachonso ndi matenda chikakhalitsa. Kulira aliyense amalira, koma miyezi ikupita agogo sakudya, tulo palibe, kutchalitchi kapena kumzikiti anasiya, akungoti bola ndikanatsagana nao, amenewo musawaseke kuti ayamba ubwana. Khalani nao, mdzukulu azigona nao mnyumba, ndipo auzeni alangizi a zaumoyo a mdera lanu. Ena amayamba kuiwala, kusochera usiku, kutchula maina a anthu omwalira, anthu nkuyamba kuloza chala ati mfiti yagwa. Amenewo ndi matenda a ubongo obwera ndi ukalamba. Lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo, kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 nyumba ya malamulo inavomerezanso lamulo loteteza anthu achikulire.

Tsopano za chuma, zomwe ena amati sizikukhudza zaumoyo koma ine ndimati ndiye gwero lake. Kuno ambiri anakwatiwa chitengwa, akhala kwa amuna zaka 40, mwamuna kungotseka maso achibale ayamba kuwerenga malata, ngolo, ng'ombe, njinga, kenako akuti takusudzulani bwererani kwanu. Kwanu kuti, kumene munda anagawana kale ena? Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati oyamba kupindula ndi mkazi ndi ana, katundu wa mnyumba amatsala ndi wamasiyeyo, ndipo kulanda ndi mlandu womangitsa. Zikayamba pitani kwa amfumu, zikakanika ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku ofesi ya DC. Abambo amene mukadali ndi mpweya lembani wilo, si kudziitanira imfa ayi.

Mtukula Pakhomo anayambira konkuno ku Mchinji mu 2006 asanafalikire dziko lonse, ndipo amathandiza mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndiye agogo olera ana amasiye ambiri ali mgulu limeneli. Si onse amalowa, funsani a komiti ya mmudzi kapena ofesi ya zachisamaliro cha anthu. Chiphaso cha unzika chikhale mmanja mwao. Koma chimene chimandinyansa ine ndi ichi, mdzukulu wagwira simu ndi pini ati agogo satha kuwerenga, ndalama ikalowa iye ali pa pool, agogo alandira sopo mmodzi ndi kapaketi ka shuga. Potapa ndalama agogo akhalepo, amve ndi makutu ao kuti yalowa zingati.

Mtedza ndi soya asagulitse zonse kwa mavenda pokolola mitengo ili pansi, thumba limodzi litsale la nsinjiro ndi phala. Munthu wa mano ochepa nsima ndi masamba okha sizimukwanira, pamafunika nyemba zofewa, dzira, usipa wosinja, papaya, nthochi, kuti magulu 6 a zakudya aja azifikako. Nkhuku zingapo kapena mbuzi ziwiri za dzina lao zimawombola tsiku la matenda. Ku banki mkhonde alowe ndi masheya ochepa oti angakwanitse, koma asatengere ana ngongole pa dzina lao, taona agogo akulandidwa ziwiya chifukwa cha ngongole ya mwana amene ali ku Joni.

Mukafuna kufunsa za matenda muli kunyumba, imbani Chipatala cha pa Foni pa 929, ndi ulele. Ndipo mukapita kukawaona sabata ino tsitsani buku lija kudenga muone tsiku lomwe anawalembera kuti abwerenso.