Tsamba la koko ndi phiko la ndege

Mukawaza madzi pa tsamba la koko, amasanduka timikanda n'kugubudukira pansi, tsamba n'kutsala louma. Ife ofufuza zopaka pa zitsulo tinakhala zaka zambiri tikukhulupirira kuti mankhwala a vuto la ayezi pa ndege agona pamenepa.

M'mitambo, timadontho ta madzi timatha kukhala tosaundana ngakhale kuzizire mpaka madigiri pafupifupi 40 pansi pa ziro. Timadonthoti tikangogunda phiko, timaundana pomwepo. Ayeziyo amasintha kaumbidwe ka phiko, mphepo n'kulephera kulinyamula. Pa 31 Okutobala 1994, ndege ya mtundu wa ATR 72 inagwa ku Roselawn, ku Indiana m'dziko la America, anthu onse 68 n'kufa, chifukwa ayezi anaunjikana kumbuyo kwa mphira wothyola ayezi wa kutsogolo kwa phiko. Si za kumaiko ozizira okha ayi: ndege yochoka ku Lilongwe m'dzinja ikakwera m'mitambo yamvula imakumananso ndi kuzizira kotere.

Mu 1997, Wilhelm Barthlott, wofufuza za zomera wa ku Bonn m'dziko la Germany, ndi mnzake anafotokoza chinsinsi cha masamba ngati a koko aja. Pamwamba pake pali timatuza tosaoneka ndi maso, tokutidwa ndi phula, moti dontho limakhala pa mpweya wotsekeredwa pakati pa timatuzato. Akatswiri anatengera nzeruyi pa zitsulo, madzi n'kumathawadi. Koma kukazizira kuli chinyontho, nthunzi imalowa m'timipata tija n'kuundana momwemo. Ayezi amamera mizu, amagwira ngati pulasitala pa khoma lokhakhala, mwina kuposa mmene akanagwirira pa chitsulo chosalala. Zinatigwetsa ulesi ambirife.

Kenaka funso linasintha: ayezi abwere, koma asakakamire. Mu 2011, gulu la Joanna Aizenberg ku yunivesite ya Harvard ku America linatengera chomera china chimene chimakola tizilombo ndi mlomo wake woterera, n'kumwetsa mafuta m'timabowo ta chopakacho. Chimaterera bwino zedi, kungoti mafutawo amatha. Mu 2016, gulu la Anish Tuteja ku yunivesite ya Michigan ku America linayesa zopaka zofewa ngati mphira. Ganizirani kachotengera ayezi ka mphira ka mu firiji: mukangokapinda pang'ono, ayezi amathothoka okha. Kwa ine, njira iyi ndiyo ili ndi tsogolo.

Chatsala ndi kulimba. Kutsogolo kwa phiko kumamenyedwa ndi mvula, fumbi ndi dzuwa pa liwiro loposa makilomita 800 pa ola, ndipo chopaka chofewa chimaperepeseka msanga. N'chifukwa chake ndege zikudalirabe mpweya wotentha wochokera mu injini, kapena magetsi otenthetsa phiko ngati pa ndege ya Boeing 787, komanso kupopera mankhwala oletsa kuundana otchedwa glycol zisananyamuke. Ine ndikuyembekeza kuti zopakazi ziyambira m'mafiriji akuluakulu osungira nsomba ndi pa makina opanga magetsi ndi mphepo, kumene chopaka chikasupuka mumangopakanso china.