Mulungu wa Mapiri ndi Zigwa: Kumene Chithunzi cha Phiri Chinachokera

Mkhristu akamasimba za nthawi imene pemphero lake linayankhidwa amakonda kunena kuti anali pamwamba pa phiri, ndipo akagwa m'matenda, m'maliro kapena m'kusowa amanena kuti ali m'chigwa. Kalankhulidwe kameneka kazolowereka m'maulaliki moti sitidzifunsanso kumene kanachokera, komatu kumbuyo kwake kuli mkangano umene unatenga zaka mazanamazana, wokhudza funso lakuti kodi Mulungu amapezeka paphiri pokha kapena ayi.

Mitundu yoyandikana ndi Aisraeli inkamanga maguwa pazitunda, pokhulupirira kuti mulungu aliyense ali ndi dera lake. Buku loyamba la Mafumu, mutu 20, limasimba kuti Aaramu atagonja pankhondo yolimbana ndi mfumu Ahabu, nduna za mfumu Benihadadi zinanena kuti Aisraeli apambana chifukwa Mulungu wawo ndi wa kumapiri, choncho nkhondo yotsatira ikachitikire kuchigwa. Anatero ndithu chaka chotsatiracho ku Afeki, ndipo anagonjanso, mneneri ataneneratu kuti Yehova sadzalola kuyesedwa Mulungu wa mapiri amene alibe mphamvu m'zigwa. Ine ndimaona kuti nkhani yaifupi imeneyi ndiyo tsinde la zonse zimene Akhristu anadzaphunzitsa pambuyo pake za kukwera ndi kutsika kwa moyo. Aisraeli eniakewo sanaimvetse msanga, pakuti anapitiriza kufukiza pamisanje, maguwa a pazitunda aja, mpaka mfumu Hezekiya, ndipo kenako Yosiya cha m'ma 622 Khristu asanabadwe, anaigwetsa.

Izi sizitanthauza kuti Malemba amapeputsa mapiri. Abrahamu anakwera ndi Isake kuphiri la m'dziko la Moriya, ndipo Mose analandira malamulo pa Sinai. Koma chimene owerenga ambiri amachidumpha n'chakuti pafupifupi aliyense amene anakwera anauzidwa kutsika. Mose anatsika n'kupeza anthu akuvina mozungulira mwanawang'ombe wagolide. Eliya anagonjetsa aneneri a Baala 450 paphiri la Karimeli, moto utatsika kumwamba pamaso pa khamu lonse, koma pasanapite nthawi munthu yemweyo anali kuthawa Yezebeli, ndipo atapitirira Beereseba anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha kuti afe. Anadyetsedwa, anagona, anadyetsedwanso, kenako anayenda masiku 40 mpaka ku Horebu, kumene Mulungu sanapezeke m'mphepo yang'amba matanthwe, kapena m'chivomezi, kapena m'moto, koma m'kamphepo kayaziyazi. Ndipo mawu amene anamva kumeneko anali omutuma kuti abwerere njira imene anadzera, akagwire ntchito imene inali kumudikira.

Kwa Myuda wamba, kukwera phiri kunali ntchito ya miyendo. Wochokera ku Yeriko, mzinda umene uli pafupifupi mamita 250 kunsi kwa mulingo wa nyanja, ankakwera mamita okwana 1,000 pamtunda wa makilomita osafika 30 kuti afike ku Yerusalemu, m'njira youma ndi yodziwika ndi achifwamba. Masalimo 15, kuyambira 120 mpaka 134, amatchedwa nyimbo zokwerera, ndipo pamene Salimo 121 likunena za kukweza maso kumapiri n'kufunsa kumene thandizo lidzachokere, yankho lake silitchula phiri ayi, koma Iye amene analenga kumwamba ndi dziko lapansi.

Mkangano wa phiri unafika poipa pakati pa Ayuda ndi Asamariya. Asamariya ankapembedza paphiri la Gerizimu, ndipo kachisi wawo anagwetsedwa ndi mtsogoleri wa Ayuda, John Hyrcanus, zaka zoposa 100 Yesu asanabadwe. Chilonda chimenechi chinali chisanapole pamene mayi wa ku Samariya anafunsa Yesu pachitsime kuti malo oyenera kupembedzerapo ndi ati, phiri la makolo ake kapena Yerusalemu. Yesu anayankha kuti ikudza nthawi imene anthu sadzapembedza Atate paphiri limenelo kapena mu Yerusalemu, koma mumzimu ndi m'choonadi. Asamariya ochepa amene atsala amachitabe Paskha wawo pa Gerizimu mpaka lero, koma kwa Akhristu mawu amenewo anamasula kupembedza ku malo amodzi, ndipo phiri linasanduka chithunzi cha ulendo wa mtima.

Ngakhale zinali choncho, Akhristu sanaleke kukonda mapiri enieniwo. Pakati pa 381 ndi 384, mayi wina wotchedwa Egeria, wochokera kumadzulo kwa ufumu wa Roma, anayendera malo a m'Baibulo ndipo analembera anzake zonse zimene anaona. Pa Sinai anafotokoza kuti phirilo silikweredwa mozungulira pang'onopang'ono koma molunjika ngati pakhoma, ndiponso kuti anakwera wapansi chifukwa panalibe chomunyamula chimene chikanatha kufikako. Atafika pamwamba m'mawa wa Lamulungu anapeza katchalitchi kakang'ono, anawerenga za Mose pamalo pomwepo, analandira mgonero, ndipo amonke anawapatsa zipatso za m'timinda timene ankalima m'munsi mwa phiri louma ngati limenelo. Patapita zaka pafupifupi 170, mfumu Justinian inamanga patsinde pa phirilo nyumba ya amonke imene lero imadziwika ndi dzina la Katarina Woyera, ndipo anthu akupempherabe mmenemo. Phirilo, lotchedwa Jebel Musa, ndi lotalika mamita 2,285, ndipo njira ina yokwerera ili ndi masitepe a miyala pafupifupi 3,750 otchedwa masitepe a kulapa. Dzina limenelo likusonyeza mmene amonkewo ankaonera kukwera: sikunali kukasangalala ndi maonekedwe a dziko, koma kukasiya katundu wa mumtima.

Pa nkhani ya kusandulika kwa Yesu, Mauthenga Abwino amangoti linali phiri lalitali, osalitchula dzina. Kuyambira zaka za m'ma 200 ndi 300 aphunzitsi a mpingo ankanena kuti linali Tabori, limene silifika mamita 600, pamene akatswiri ena amaloza Herimoni, lotalika mamita 2,814, chifukwa lili pafupi ndi Kaisareya wa Filipi kumene Yesu anali masiku ochepa zisanachitike. Tchalitchi chimene katswiri wa zomangamanga Antonio Barluzzi anamanga pa Tabori, chotsirizidwa mu 1924, chili ndi tizipinda tiwiri topempherera, kena ka Mose ndi kena ka Eliya, pokumbukira misasa itatu imene Petro anafuna kumanga. Pempho la Petrolo ndimalimvetsa, pakuti palibe amene analawa mtendere wotero n'kufuna kuusiya. Koma sanaloledwe kukhala. Anatsika, ndipo m'munsi anapeza khamu likukangana, komanso bambo wina atabweretsa mwana wake wodwala, bambo amene anafuula kuti akukhulupirira, koma athandizidwe pa kusakhulupirira kwake.

Phiri limene limasonkhanitsa zonsezi pamodzi ndi la Azitona, kum'mawa kwa Yerusalemu. Davide analikwera akulira, wopanda nsapato, atafunda kumutu, pothawa mwana wake Abisalomu. Patsinde pake pali Getsemane, pamene Yesu anagwa nkhope pansi ndi chisoni chofa nacho, ndipo paphiri lomwelo ndi pamene anakwera kumwamba ophunzira ake akuona. Malo a misozi ndi malo a ulemerero atalikirana mtunda woti munthu angauyende m'mphindi zochepa chabe.

Egeria anaona mmene Akhristu a ku Yerusalemu ankagwiritsira ntchito phiri limeneli usiku wa Lachinayi la sabata la masautso. Ankachezera pamwamba akuimba masalimo ndi kumva Malemba, ndipo atambala akayamba kulira onse ankatsika pamodzi ndi bishopu, akulu ndi ana omwe, akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha kutopa ndi kusala kudya kwa masiku ambiri. Anawakonzera makandulo oposa 200 kuti aziona poponda. Akafika ku Getsemane ankawerenga ndime ya kugwidwa kwa Ambuye, ndipo mayiyu analemba kuti kubuula ndi kulira kwa anthu kunali kwakukulu moti mwina kunkamveka mpaka mumzinda. Kuchokera pamenepo ankayenda wapansi mpaka kuchipata, ndipo ankalowa mu Yerusalemu kukuyera, pa nthawi imene munthu amayamba kuzindikira nkhope ya mnzake.