Folic acid pa matenda a sickle cell: zimene amachita ndi zimene sachita

Pa mankhwala onse amene timapereka kwa odwala sickle cell, folic acid ndi amene makolo amamukhulupirira kwambiri, komanso ndi amene amamumvetsa molakwika kwambiri. Ndi kapiritsi kakang'ono, kawirikawiri kachikasu, kotchipa, ndipo kamapezeka ngakhale pamene mankhwala ena asowa. Ambiri amati ndi kowonjezera magazi. Akabwera tsiku loyezetsa, n'kuuzidwa kuti magazi a mwana akadali otsika, pa 7 kapena 8 pa muyeso wa kuchuluka kwa magazi, amakhumudwa ndi kuganiza kuti kapiritsiko ndi kachabechabe. Ena amasiya kumwetsa, ena amawirikiza mlingo. Onsewa alakwitsa, ndipo mlandu wina ndi wathu ife ogwira ntchito m'chipatala amene timangolemba mankhwala m'kabuku osafotokoza.

Tiyambe ndi magaziwo. Mwa munthu wopanda matendawa, selo lofiira la magazi limakhala masiku pafupifupi 120 lisanafe. Mwa munthu wa sickle cell, maselo amapindika ngati chikwakwa, amauma, ndipo amasweka pakangotha masiku 10 mpaka 20. Choncho mafuta a m'mafupa, amene amapanga magazi, amagwira ntchito usana ndi usiku kubwezeretsa maselo otayikawo, kuwirikiza kangapo kuposa mmene amachitira mwa anthu ena. Kuti selo latsopano lipangidwe, thupi limafunika vitamini B9, amene m'zakudya amatchedwa folate, ndipo wa m'mapiritsi ndiye folic acid. Zili ngati munthu amene khoma la nyumba yake limagumuka mwezi uliwonse: dothi loumbira njerwa lisamuthere. Dothilo sililetsa khoma kugumuka, koma likasowa nyumba imatsala pamtetete.

Thupi silisunga folate wambiri. Amene amasungidwa m'chiwindi amatha pakangopita miyezi itatu kapena inayi ngati munthu sakudya mokwanira, ndipo amatha msanga kuposa pamenepo mwa munthu amene magazi ake akusweka tsiku ndi tsiku. Akatha, mafupa amayamba kutulutsa maselo akuluakulu koma ochepa ndi ofooka, magazi n'kutsika kwambiri. Munthu amene kale amayenda ndi magazi a pakati pa 6 ndi 9 alibe pothawira akatsikanso. Ntchito ya kapiritsika ndi kuteteza kutsika kumeneku. Sikakweza magazi kufika pa 12 kapena 13, sikaletsa kuphwanya kwa mafupa, sikachotsa chikasu cha m'maso.

Nanga umboni ukuti chiyani? Ndi wochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri anachitika ku Jamaica ndipo anasindikizidwa mu 1983. Ana 117 a miyezi 6 mpaka zaka 4 anawagawa pawiri: ena ankamwa folic acid wa 5 mg, ena kapiritsi kopanda mankhwala. Patatha chaka, omwa folic acid anali ndi folate wambiri m'magazi, koma pa kuchuluka kwa magazi ndi pa kakulidwe panalibe kusiyana kooneka. Akatswiri a bungwe la Cochrane, limene limaunika kafukufuku wa zaumoyo, ataunikanso nkhaniyi mu 2016 anapeza kafukufuku mmodzi yekhayu woyenera kudalira, ndipo anati umboni sukukwanira. N'chifukwa chake madokotala ena ku United States ndi ku Canada, kumene ufa wa tirigu wakhala ukuthiridwa folic acid kuyambira 1998, amakayika ngati mwana aliyense ayenera kumwa.

Ine ndimati kwathu kuno tipitirize kumwetsa. Mabanja ambiri amadya nsima ya ufa wa kuchigayo, wosathiridwa vitamini aliyense, ndipo ufa woyera umataya zambiri pokonola ndi poviika mphale. Malungo amaswanso magazi pamwamba pa kusweka kwa sickle cell. Mwana akadwala sabata ziwiri osadya bwino, kapena akutsegula m'mimba, folate wake amatsika. Mankhwala otchipa chonchi, amene kwa ambiri sabweretsa vuto, ndi oyenera kuwasunga. Mlingo umasiyana malinga ndi msinkhu komanso malangizo a dziko: kwina amapereka 1 mg patsiku, kwina 5 mg kwa akuluakulu ndi wocheperapo kwa ana aang'ono. Tsatirani umene akulemberani. Mukaiwala tsiku limodzi, musamwe awiri mawa lake, ingopitirizani. Kuwonjezera mlingo sikuwonjezera magazi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ayironi. Mapiritsi amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo amaphatikiza ayironi ndi folic acid pang'ono, ndipo m'mafamase muli mankhwala amadzimadzi ambiri olembedwa kuti ndi a magazi, nawonso odzaza ayironi. Agogo kapena azakhali akaona mwana wayera m'manja, amagula botolo ndi mtima wabwino. Koma kuchepa kwa magazi kwa sickle cell sikubwera chifukwa chosowa ayironi. Selo likasweka, ayironi wake amatsala m'thupi n'kugwiritsidwanso ntchito. Ndipo nthawi iliyonse munthu akathiridwa magazi, amalandira ayironi wambiri amene thupi lilibe njira yomutulutsira. Mwa amene athiridwa magazi kambirimbiri, ayironi amaunjikana m'chiwindi ndi mumtima n'kuwononga ziwalozo mwakachetechete kwa zaka. Zimachitika kuti mwana wa sickle cell amene sanathiridwepo magazi asowe ayironi, makamaka ngati ali ndi njoka za m'mimba, koma zimenezo zimadziwika poyeza, osati poyang'ana m'manja. Mukalandira mankhwala pawindo, werengani chimene chalembedwa. Mukaona mawu akuti ferrous kapena iron, funsani musanamwetse.

Pali anthu ena amene ayenera kusamala ndi folic acid. Oyamba ndi amayi oyembekezera amene ali ndi sickle cell. Iwo amalangizidwa kumwa 5 mg patsiku, ndipo ndi bwino kuyamba asanatenge mimba, chifukwa folic acid amatetezanso mwana ku zilema za msana ndi ubongo zimene zimayamba m'masabata oyambirira. Komano kusikelo amayi amapatsidwa SP, amene ambiri timamudziwa kuti Fansidar, woteteza malungo. SP amapha tizilombo ta malungo potitsekera njira yopangira folate, ndiye mlingo waukulu wa 5 mg tsiku ndi tsiku umafooketsa mphamvu yake. Pachifukwa ichi bungwe la WHO limalangiza 0.4 mg kwa amayi ena onse amene akumwa SP. Mayi wa sickle cell asasankhe yekha chosiya. Anene kusikelo pa ulendo woyamba kuti ali ndi matendawa ndipo akumwa 5 mg, kuti achipatala akonze njira yomutetezera ku malungo. Chimodzimodzi mwana amene akupatsidwa SP mwezi ndi mwezi.

Achiwiri ndi amene amamwa mankhwala a khunyu monga phenytoin ndi phenobarbitone. Ana ena a sickle cell amayamba kukomoka akadwala sitiroko. Folic acid akhoza kutsitsa mphamvu ya mankhwalawa m'magazi, choncho wolemba mankhwala adziwe zonse zimene mwana akumwa. Achitatu ndi amene akusowa vitamini B12, yemwe amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Folic acid amatha kubisa kusowa kwa B12: magazi amaoneka ngati ali bwino pamene mitsempha ikuwonongeka. Munthu wamkulu amene wamwa folic acid kwa zaka, n'kuyamba kumva dzanzi m'mapazi, kubayabaya m'zala kapena kudzandira poyenda, asangoti ndi sickle cell yomweyo. Apemphe kuti amuyeze.

Zakudya ndiye zilipo. Bonongwe, nkhwani, mpiru, chisoso, kholowa ndi khwanya zili ndi folate, monganso nyemba, nandolo, khobwe, mtedza, mapeyala ndi chiwindi. Folate amawonongeka ndi moto wautali ndipo amasungunukira m'madzi ophikira, ndiye masamba aphikidwe pang'ono ndi madzi ochepa, msuzi wake usatayidwe. Amene ali ndi mbewu chabe ya sickle cell, amene zoyeza zimati AS, safunika mapiritsiwa. Chakudya chimawakwanira, kupatula mayi amene akufuna kutenga mimba, monga mayi wina aliyense.

Zimandipweteka kuona banja likumwetsa folic acid mosadumphitsa koma penicillin anatha miyezi iwiri yapitayo. Zimene zimapha ana a sickle cell osafika zaka 5 ndi mabakiteriya olowa m'magazi, malungo, ndi kutsika kwa magazi kwadzidzidzi. Zowateteza ndi penicillin wa tsiku ndi tsiku, katemera, kugona mu neti, ndi mankhwala otchedwa hydroxyurea kumene akupezeka. Kafukufuku wa REACH, amene anachitika mwa ana oposa 600 ku Angola, Democratic Republic of Congo, Kenya ndi Uganda n'kusindikizidwa mu 2019, anasonyeza kuti hydroxyurea amachepetsa ululu, kuthiridwa magazi, malungo ngakhalenso imfa. Funsani za mankhwalawa kumene mumayezetsa. Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zimaona ana a matendawa. Womwa hydroxyurea apitirize folic acid ngati sanauzidwe kusiya.

Mwana akayera mwadzidzidzi m'manja ndi m'milomo, akafooka, akamapuma mwabefu, mimba ikatupa kumanzere kumene kuli kapamba, kapena thupi likatentha kufika madigiri 38, musadikire kuti kapiritsi kagwire ntchito. Nthawi zina magazi amathawira mu kapamba, nthawi zina kachilombo ka parvovirus B19 kamaimitsa mafupa kupanga magazi kwa sabata kapena kuposerapo, ndipo zonsezi zimafuna kuthira magazi msanga. Tengani kabuku kake ka kuchipatala, pitani tsiku lomwelo, ndipo muuze amene akulandireni kuti mwanayu ali ndi sickle cell komanso kuti magazi ake amakhala pa nambala yanji masiku onse.