Fupa la paphewa silimangidwa chikhakha

"Adokotala, mwangondikoleka nsalu basi? Chikhakha bwanji?" Funso ili ndalimva mpaka kutopa nalo. Fupa lopingasa lija, lochokera pamwamba pa chifuwa kukafika paphewa, likathyoka chikhakha sichingaligwire. Nsalu yokolekera mkono m'khosi ndiyo mankhwala ake: imanyamula kulemera kwa mkono kuti fupalo lilumikizane lokha. Nthawi zambiri limathyoka chapakati. Kwa mwana limagwirana m'milungu 3 mpaka 6, kwa wamkulu 6 mpaka 12, ndipo kwa wosuta fodya limachedwa. Kachotupa kolimba kotsala pamalopo kasakuopseni, ndi fupa latsopano.

Opareshoni ilipo, timamanga fupalo ndi kachitsulo ndi masikuluwu. Timaiganizira fupa likaboola khungu kapena likalitukula ngati likufuna kutuluka, likavulaza mitsempha, kapena zidutswa zikapitirirana n'kufupikitsa phewa ndi masentimita oposa 2. Pamenepo chitsulo chimachepetsa ngozi yoti fupa lisagwirane. Koma nacho chili ndi zake: bala limatha kuchita mafinya, ndipo pakhungu lopyapyala ngati pamenepa chitsulo chimasautsa ena mpaka kubwerera kudzachichotsa. N'chifukwa chake sitithamangira mpeni.

Amene amandisowetsa tulo ndi mnyamata wina wanjinga yamoto, woperekera katundu muno mu Lusaka. Atagwa, nsonga ya fupa inatukula khungu. Akanabwera tsiku lomwelo tikanamukonzera bwinobwino. Achibale anamutengera kwa sing'anga, amene anamutema mphini pamwamba penipeni pa fupalo n'kupakapo mankhwala akuda, kenaka n'kumamukanda m'mawa uliwonse. Pofika kwa ife, khungu linali litaphulika, fupa likuonekera, mafinya akutuluka. Pamalo oterowo suikapo chitsulo. Tinayamba ndi kutsuka ndi kudula mnofu wowola, iye ali gone m'chipatala, ana kunyumba akudikira ufa. Mpaka lero mkono umenewo saukweza bwino.

Chonde abale anga, fupa lothyoka salikanda, salitemera mphini. Mukagwa paphewa pitani tsiku lomwelo kuchipatala chapafupi, kaya ku Matero, Kanyama, Chawama kapena Chilenje, akakujambuleni. Zikafunika adzakutumizani ku UTH, chipatala chachikulu cha mu Lusaka. Zala zikachita dzanzi, dzanja likazizira, kapena mukayamba kubanika popuma, musadikire kuti kuche, pakuti pansi pa fupalo pamadutsa mitsempha ikuluikulu ndipo mapapo ali pafupi. Ndipo tsiku limene takuuzani kuti mubwerenso mulisunge ngakhale ululu utatha, chifukwa zidutswa zimatha kusuntha m'masiku oyambirira.