Maluwa Amatabwa pa Mipando Yakale ya ku England

Munthu akaona koyamba kabati yakale ya ku England yokhala ndi maluwa, mbalame ndi masamba pazitseko, amayamba wayendetsa chala pamwamba pake kuti amve ngati ndi penti. Chalacho chimangotsetsereka, osapeza polumikizira. Komatu duwa lililonse pamenepo ndi thabwa, tsamba lililonse ndi thabwa la mtengo wina, ndipo mmisiri anadula kamodzikamodzi n'kulumikiza ngati mmene amayi amasokera zigamba. Angerezi amati marquetry, ndipo ntchito yanga ndi yokonza mipando yotereyi.

Mmisiri ankacheka mitengo yosowa kukhala timatabwa topyapyala ngati katoni, totchedwa veneer. Popeza ankacheka ndi sowo pamanja, takale timakhuthala pafupifupi mamilimita awiri, pamene ta makina ta masiku ano sitikwana ngakhale milimita imodzi. Kupyolera pamenepa ndimazindikira msanga ngati mpando ndi wakaledi. Ankasanjikiza timatabwa ta mitundu yosiyana, kumata chojambula pamwamba, n'kudula tonse pamodzi ndi kasowo kowonda ngati ulusi. Akalumikiza chithunzi chonse, ankachimata pa thupi la kabati, lomwe kawirikawiri linali la mtengo wa oak kapena paini, ndi guluu wophikidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi mthunzi wa pamaluwa. Timathira mchenga wosalala m'chiwaya n'kuuika pamoto. Ukatentha, timagwira kaduswa ka thabwa ndi kapani n'kuviika nsonga yake mumchengamo kwa masekondi ochepa. Nsongayo imawauka, kuderako n'kumazilala pang'onopang'ono kulowera pakati. Ukachedwetsa pang'ono, kaduswako kamapserera n'kufota, ndiye sikalowanso pamalo pake. Ukawaula bwino tizidutswa 20 n'kutilumikiza, duwa limaoneka ngati lafutukuka, chonsecho pamwamba pali see.

Luso limeneli linakula ku England Mfumu Charles II itabwerera pampando mu 1660, itazolowera zinthu za ku France ndi Holland. Moto waukulu wa mu London wa 1666 unachititsa kuti nyumba zambirimbiri zimangidwenso, ndipo eni ake anafuna mipando yatsopano. William, mfumu yochokera ku Holland, atalowa ufumu pamodzi ndi mkazi wake Mary mu 1689, kapangidwe ka Chidatchi kanazika mizu. Gerrit Jensen, amene ankapangira mipando banja lachifumu, amadziwika ndi mtundu wotchedwa seaweed, wa timizere topotanapotana ta mitengo iwiri yokha, wowala ndi woderako. Mawotchi ataliatali oimika pansi a nthawi imeneyo ambiri ali ndi maluwa kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Kenako lusoli linazilala. Chisanu choopsa cha 1709 chinapha ku Ulaya mitengo yambiri ya walnut, imene amisiri ankaidalira, ndipo lamulo la 1721 litachotsa msonkho pa matabwa ochokera kumayiko olamulidwa ndi Britain, mahogany a ku Jamaica anadzaza msika. Mtengo umenewu umasemeka bwino, choncho amisiri anatembenukira kukusema. Marquetry inadzabweranso m'ma 1760 ndi 1770, nthawi ya katswiri wa zomangamanga Robert Adam. Mu 1773 mmisiri wa mipando Thomas Chippendale anapangira nyumba ya Harewood, pafupi ndi Leeds, kabati yotchuka yokhala ndi zithunzi za Diana ndi Minerva, milungu yachikazi ya Aroma, pa mtengo wa mapaundi 86. Ndikaiona sinditha kuiwala kuti chuma cha banja la Lascelles, eni nyumbayo, chinachokera m'minda ya nzimbe ku West Indies, kumene ankalimitsa akapolo a ku Africa, ndiponso kuti nkhope zoyera za pachitsekocho n'za mnyanga wa njovu.

Mipando imeneyi lero imaoneka yofiirira ngati uchi, koma sinali choncho. Masamba ankawanyika kukhala obiriwira, maluwa ena ofiira, ena abuluu. Dzuwa la zaka zoposa 200 ndi limene linasukulutsa. Nthawi zina ndikamatula kaduswa kuti ndikamatenso, kunsi kwake ndimapeza kubiriwira kowala ngati tsamba la chimanga cha mu Januwale.

Mdani wamkulu wa mipandoyi ndi kuuma kwa mpweya. Thupi la kabati limafufuma kukakhala chinyezi, limafota kukauma, koma chithunzi chomatidwa pamwamba sichiyenda nalo mofanana. Mukaimika kabati pafupi ndi hita, thabwa lamkati limang'aluka, guluu amauma gwa, tizidutswa timayamba kutukuka. Ndiye nsalu yopukutira fumbi ikakola nsonga imodzi, tsamba lonse lathothoka. Likathothoka, litoleni muliike mu envulopu, chifukwa kupeza thabwa lofanana nalo mtundu ndi ukalamba n'kovuta kwambiri.

Chonde musamate ndi guluu wamakono wouma nthawi yomweyo. Guluu wachikopa ali ndi ubwino wakuti ukamupatsa kutentha ndi chinyezi amafewanso, kotero mmisiri atha kumatula, kuyeretsa n'kubwezera popanda kuthyola kanthu. Wamakono akagwira wagwira. Sandipepala nayenso asayandikire. Ndinalandirapo tebulo limene mwini wake analipala ndi makina kuti liwale, ndipo pakati pa duwa panatulukira paini wamkati, mthunzi wonse wamchenga utapita. Phula la njuchi pang'ono kamodzi pachaka ndi nsalu yofewa n'zokwanira.

Amene muli ku Britain ndipo mukufuna kugula kapena kugulitsa, yang'anitsitsani tizidutswa toyera. Lamulo la Ivory Act la 2018, limene linayamba kugwira ntchito mu June 2022, limaletsa malonda a mnyanga wa njovu. Mpando wopangidwa chisanafike 1947, wokhala ndi mnyanga wosakwana magawo 10 pa 100 a chinthu chonsecho, umaloledwa, koma uyenera kulembetsedwa kuboma musanaugulitse.